Ndinayambira pa buku la malisiti ndi kabaza

Pa 28 mwezi uliwonse ndinkadzuka ndikudziwiratu kuti lero pali anthu amene andione ngati mdani. Ndinkatenga buku la malisiti lija lokhala ndi kaboni pakati, kulikulunga mu jumbo kuti lisanyowe ndi thukuta, kenako kabaza, ulendo wozungulira Mangochi kutolera lendi. Mashopu 8 pafupi ndi msika, nyumba zingapo m'tauni momwemo, zina kutsidya ukaoloka mlatho wa Bakili Muluzi, ndi kanyumba kamodzi ka kunyanja cha ku Namiasi komwe ndinkapita pa minibasi ya ku Monkey Bay. Amene analawapo dzuwa la Okutobala ku Mangochi akudziwa, pofika 10 koloko shati yamatirira kale kumsana, ndipo iwe uli pakhomo pa munthu ukumwetulira, kudikira kuti akuuze ngati lero ilipo kapena ubwerenso Lachisanu.

Imeneyo ndiye inali ntchito yanga yoyamba, kuyambira 2017. Ndinali nditamaliza diploma ya akaunti ku Blantyre, ndinaponya makalata paliponse osayankhidwa, mpaka ndinabwerera kwathu n'kupeza malo pa kaofesi ka bambo wina wachikulire amene anali ndi nyumba zake, komanso ankayang'anira nyumba za anthu ena amene sakhala kuno, makamaka abale athu aja ali ku Joni amene amatumiza ndalama n'kumanga koma iwo kubwera kamodzi pa zaka ziwiri. Tonse tinkangowatchula kuti madala. Pa pepala ndinali kalaliki wa akaunti, koma zoona zake ndinali wotolera lendi, woitana pulambala paipi ikaphulika, wokalipira mabilu a madzi, ndi wolandira mkwiyo wa matenanti denga likadontha.

Lero ndimagwira ntchito ku Lilongwe, m'kagulu kakang'ono ka anthu oyendetsa thumba la ndalama zogulira ndi kumangira nyumba zamalonda, zimene amazitcha real estate private equity. Ndikulemba izi chifukwa cha mng'ono wa mnzanga wina wa kwa Mponda amene ananditumizira voice note usiku wina, mawu ake akumveka kutopa kwenikweni, akuti "achimwene, chaka chachitatu ichi ndikungodinda ma invoice, inu munatulukamo bwanji?" Ndinamuyankha mwachidule koma mtima sunakhazikike, chifukwa m'funso lakelo munali kanthu kamene nanenso ndinkakhulupirira kale, koti zaka zimene ukugwira ntchito yapansi ndi zaka zotayika. Ine ndikukana. Chimene chinandilowetsa kumene ndiliku chinachokera m'buku la malisiti lomwe lija.

Koma ndiyambe ndafotokoza kuti ntchitoyi ndi yotani, poti ambiri kwathu amaganiza kuti ndi zija za ma ejenti ogulitsa mapuloti. Taganizirani banki m'khonde. Anthu amasonkha, ndalama zimagwira ntchito, pakutha pa chaka amagawana. Private equity ndi kusonkha komweko, kungoti osonkhawo ndi mabungwe akuluakulu, a penshoni, a inshuwalansi, mabungwe akunja a zachitukuko ndi anthu ochepa olemera. Amenewa timawatcha ma LP, iwo sayendetsa nawo kanthu, amangolonjeza kuti tidzapereka zakuti mukadzazifuna. Oyendetsa ndi ena, ma GP, ndiwo amasaka nyumba kapena malo, kugula, kukonza kapena kumanga, kudzazamo matenanti, kenako kugulitsa. Kusiyana kwakukulu ndi banki m'khonde ndi nthawi, thumba lotere limakhala pafupifupi zaka 10 ndipo wosonkha sangabwere pakati n'kumati mwana wadwala ndibwezereni zanga. Nanga oyendetsawo amadya bwanji? Mwambo wodziwika ndi uja amati 2 ndi 20, amatenga pafupifupi 2 peresenti pachaka yoyendetsera ofesi, kenako 20 peresenti ya phindu, koma phindulo amalikhudza pokhapokha osonkha atabwezeredwa ndalama zawo ndi kaphindu kena kogwirizana poyamba, kawirikawiri 8 peresenti pachaka.

Chitsanzo chimene aliyense mu ntchitoyi amachidziwa ndi cha Blackstone, kampani ya ku New York imene inayamba mu 1985. Mu 2007 inagula mahotela a Hilton pa madola pafupifupi 26 biliyoni, chaka chotsatira chuma cha dziko lapansi chinagwa ndipo anthu ankati apsa amenewa, koma anapirira, anakonza kayendetsedwe, mu 2013 anaika Hilton pa msika wa masheya, ndipo pomaliza kugulitsa masheya awo mu 2018 anali atapindula madola pafupifupi 14 biliyoni. Kuno ku Africa dzina limene limamveka ndi Actis, amene anaikapo ndalama mu Accra Mall ku Ghana, Ikeja City Mall ku Lagos ndi Garden City ku Nairobi.

Ndiye ndinene zoona pompano kuti wina asanamizike, ku Malawi kuno khomo lake ndi lopapatiza kwambiri. Matumba akuluakulu amakhala ku Johannesburg, Nairobi, London, ndipo kwathu ntchito yofanana nayo imapezeka m'timagulu tochepa, mkati mwa makampani oyendetsa ndalama za penshoni ndi inshuwalansi, komanso makampani a nyumba ngati MPICO ndi ICON Properties. Ndalama zake zinayamba kuchuluka kuchokera pamene lamulo la penshoni linayamba kugwira ntchito mu 2011, lija linati wantchito azidulidwa 5 peresenti ndipo bwana wake aziikapo 10 peresenti. Ndalama yotere imafuna pokhala kwa zaka zambiri, ndipo nyumba ndi amodzi mwa malo amenewo. Choncho mukaona ofesi yatsopano ikukwera m'tauni, mwina mu simenti yakeyo muli ndalama ya mlonda wa pa banki, kapena ya wophika wa pa loji ina ku Makawa amene sadzalowamo n'komwe. Ine ichi sindichiiwala ndikakhala pa kompyuta.

Tibwerere ku kabaza. Miyezi yoyamba ndinkangoona kuti anthu salipira, basi. Patapita chaka ndinayamba kuona kuti kusalipirako kuli ndi kalendala yake. Telala wa kumsika Eid ikamayandikira amalipira miyezi iwiri nthawi imodzi osamupempha, koma mu Febuluwale usamuvutitse, alibe. Mayi wogulitsa usipa ndi utaka amapereka kesh pamanja nyanja ikakhala bwino, koma mwera ukayamba kuomba mu Juni ndi Julaye, alovi osalowa m'madzi, iyenso amauma. Aphunzitsi ndi anesi amalipira tsiku lomwe salale yalowa, ikachedwa nawonso achedwa, palibe chinyengo. Mabungwe aja obwera ndi ma Land Cruiser amalipira chaka chathunthu pasadakhale, landilodi n'kumadziona kuti wafikapo, koma pulojekiti ikatha amachoka tsiku limodzi n'kusiya nyumba imene lendi yake palibe munthu wamba wa m'Mangochi angaikwanitse, ndiye imakhala miyezi 7 ikungodyedwa ndi chiswe uku mlonda akulipidwabe. Ndipo Januwale, fizi ya ana ndi njala zikakumana, aliyense amakhala ndi nkhani.

Madala anali ndi mawu awo. Ndikabwera ndi lipoti loti mwezi uno tikuyembekezera zakuti, ankandiyang'anira pamwamba pa magalasi n'kunena kuti "mwana wanga, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Undiuze zimene zalowa." Ndiye ndinagula kope lachikuto cholimba n'kuyamba kulemba, tenanti aliyense tsamba lake, tsiku limene amayenera kulipira, tsiku limene walipiradi, chifukwa chimene wapereka, ndi ndalama zimene taononga pokonza nyumba yakeyo. Palibe anandituma. Ndinkangofuna kuti ndisamafike kwa munthu tsiku loti alibe, chifukwa zinkandipweteka kuima pakhomo pa mayi wa msinkhu wa amayi anga akusowa poyang'ana, akupukuta manja pa chitenje.

Kenako ndinagula laputopu yakale kwa mnyamata wina wochokera ku Joni, batire lake lakufa moti magetsi akathima nayonso yathima, n'kuyamba kusamutsira kope lija mu Excel. Ndinkagula bandulo ya usiku, kuonera ma vidiyo a pa YouTube, kuimitsa, kuyesera, kulakwitsa, kubwerezanso. Mu Januwale 2019 ICON Properties inalowa pa Malawi Stock Exchange ndipo nkhani yake inali m'manyuzipepala, apo ndi pamene ndinadziwira kuti makampani a pa msika umenewu amatulutsa malipoti a pachaka amene aliyense angawerenge ulere. Ndinatsitsa a MPICO, eni ake a Gateway Mall ku Lilongwe, amene ali pa msikawo kuyambira 2007. Masamba ambiri sindinkamva kanthu. Koma usiku wina ndinafika pamene ankakamba za lendi yosalipidwa, ndipo ndinaona kuti kampani yaikulu choncho nayonso inali ndi tenanti wake wochedwa kulipira, amene anali boma lenilenilo, ngongole ya mabiliyoni. Ndinakhala chete kwa kanthawi. Ndiye kuti ndi ntchito yomweyi ndikugwirayi, kungoti mazilo ndi ambiri.

Mu 2020 Covid inatseka alendo ndipo gombe lonse kuchokera ku Namiasi, Makawa, mpaka ku Cape Maclear linangoti zii. Antchito a m'maloji anabwerera kumidzi, kanyumba kathu ka kunyanja kaja kanatha miyezi popanda wogonamo. Eni maloji ena anatopa n'kuyamba kufuna ogula. Ndiye mu 2021 kunabwera anthu atatu ochokera ku Lilongwe kudzaona loji ina ndi puloti yoyandikana nayo, wotsogolera anali mayi wosalankhula zambiri amene ankayenda ndi kabuku kakang'ono m'manja. Anapempha madala kuti awathandize ngati munthu wodziwa derali, koma madala miyendo inali ikuwavuta, anangoti "pita nawo iwe, ukawanyamulire mafayilo."

M'galimoto mmodzi wa iwo anatsegula pepala la ziwerengero zawo ndipo ndinasuzumira. Zipinda anaziika kuti zizidzadza mofanana chaka chonse. Ndinalimbana ndi mtima, kalaliki angayankhule chiyani pamaso pa mabwana, koma ndinalephera kupirira, ndinati "pepani bwana, kuno sikuyenda choncho." Ndinawauza kuti maloji a gombe lino amadalira kwambiri misonkhano ya boma ndi mabungwe, kuti boma likalengeza zochepetsa kuononga ndalama misonkhano ya kunyanja ndiyo imayamba kudulidwa, kuti Isitala, Khirisimasi ndi miyezi yotentha malo amasowa koma nthawi ya mvula mawetala amangokhala pansi pa mtengo. Mayi uja sananene kanthu, anangolemba.

Titafika pa puloti ija, iwo anapita kukayang'ana mabikoni ndi saveya wawo, ine ndinatsalira chifukwa pafupi pomwepo panali agogo ena akuyanika usipa pa thandala, ndipo kwathu sungadutse munthu wamkulu osapereka moni. Ndinagwada n'kuwalonjera m'Chiyao, "ajimwiche uli anganga," tinacheza pang'ono, anandifunsa kuti ndine mwana wa yani ndipo alendowa akufuna chiyani. Nditawauza kuti akufuna kumanga, anasiya usipa uja, anapukuta manja, n'kuloza mlambe umene unali kumbuyo kwenikweni kwa puloti, kutali ndi madzi moti munthu ungayende mphindi zingapo. Anati chaka chimene anabereka mwana wawo woyamba nyanja inafika pa mlambe uwo, mabwato ankawamangirira pamenepo. Kenako anati "auze abwana akowo, madzi saiwala khwawa." Anawonjezeranso kuti kanjira kamene tinapondapo pobwera ndi kamene mudzi wonse umadzera popita kudoko, komanso kuti bambo amene anasayina zogulitsa malowo poyamba ndi mkamwini chabe, eni mbumba sanafunsidwe.

Ndinathamanga kukaitana mayi uja ndipo ndinamasulira mawu onse osasiyapo. Anzake aja ankaoneka kuti akufuna tizipita, mapepala a lizi analipo, osayinidwa bwinobwino, nanga za agogo n'zachiyani. Koma iye anakhala pansi pa mchenga, anafunsa agogowo zaka za mwana wawo, anawerengera chammbuyo. Atabwerera ku Lilongwe anakafufuza ndipo zinagwirizana, cha m'ma 1980 nyanja ya Malawi inakwera kwambiri kufika cha pa mamita 477 pamwamba pa nyanja yamchere. Za mkamwini nazonso loya wawo atazitsata anapeza kuti m'banjamo munali mkangano umene unali usanafike kukhoti koma unali m'njira. Amene anakulira m'chikamwini safunika kumufotokozera kuti malo amayenda ndi akuchikazi, ndipo kuti popanda mawu a mjomba, mwini mbumba, pepala lako likhoza kukhala ndi chidindo koma mtendere sudzaupeza. Puloti ija sanagule. Ntchito yonse tinagwira tsiku limenelo ili ndi dzina lake, due diligence, ndipo ine ndinaigwira ndisakudziwa kuti ili ndi dzina.

Posiyana mayi uja anandipatsa nambala n'kunena kuti "achimwene, kope mukunenalo mudzanditumizire ndidzalione." Ndinatumiza Excel yanga yonse, zaka zinayi za matenanti, mayina nditachotsamo. Panapita miyezi osamva kanthu. Kumayambiriro kwa 2022 anandiimbira kuti pali malo a analyst, wosanthula ziwerengero za madilu, ndikayesere ngati wina aliyense, sakundilonjeza kanthu.

Pa intavyu tinalipo angapo, ena ndi madigiri, wina anali atayamba kale CFA, maphunziro apamwamba a kaikidwe ka ndalama m'mabizinesi, ine ndi diploma yanga ndi jekete yobwereka. Anatipatsa laputopu, mndandanda wa matenanti a nyumba ina ya maofesi, mtengo wogulira, ndi maola atatu kuti tiwerengere ngati dilu imeneyi ili yabwino. Pa IRR, chiwerengero choonetsa peresenti ya phindu limene ndalama zoikidwamo zikubereka pachaka, ndinalakwitsa, ndinasokoneza miyezi imene ndalama zimatuluka, ndipo anandionetsa pomwepo. Koma bambo wina pa gulu lofunsalo anati "n'chifukwa chiyani ndalama zolowa zanu zili zochepa kuposa za anzanu onse?" Ndinayankha kuti mndandandawo ukuonetsa zimene matenanti analonjeza osati zimene amalipira, kuti matenanti awiri akuluakulu ndi mabungwe a mapulojekiti ndipo makontirakiti awo akutha chaka chimodzi, choncho ndaika miyezi yoti zipinda zidzakhala zopanda munthu, ndaika ena ochedwa kulipira, ndaikanso ndalama yopentera ndi kukonza tenanti akatuluka chifukwa palibe amene amalowa m'nyumba mmene mnzake waisiyira. Ndinaona akuyang'anizana. Patatha sabata ziwiri ndinali pa basi ya ku Lilongwe ndi chikwama chimodzi, madala atandipatsa ya thiransipoti ndi dua yawo.

Chaka choyamba chinali chowawa, sindibisa. Kudziwa matenanti kumakulowetsa pakhomo koma mkatimo amafuna zina. Ndinkayenera kulemba ma memo a masamba 20 m'Chingerezi chosalala, kupanga ndondomeko ya kabwezedwe ka ngongole, kuwerengera kagawidwe ka phindu pakati pa ma LP ndi GP, ndipo mafayilo anga ankabwerera ali ofiira ndi zokonza. Masiku ena ndinkatuluka mu ofesi 11 koloko usiku n'kukafika kunyumba osagona, kuganiza kuti mwina analakwitsa ponditenga. Ndinalembetsa ACCA, maphunziro a ukatswiri wa akaunti, fizi yake ya m'mapaundi, ndipo mayeso alionse ankadya salale pafupifupi yonse. Chinandipulumutsa n'chakuti sindinkachita manyazi kufunsa, ndipo panali mkulu wina wa zowerengera mitengo ya nyumba amene ankakhala nane Loweruka mmawa kundionetsa pamene ndaphonya.

Chinanso chimene ndikufuna achinyamata amve ndi ichi, ma vidiyo a pa YouTube aja amaphunzitsa za ku America, ndipo ukawameza osatafuna udzagwetsa anthu m'dzenje. Kumeneko amati kongola gawo lalikulu la mtengo wa nyumba kubanki, phindu lako likwera. Tiyeni tiyese ndi manambala ongoyerekeza. Nyumba ya K1 biliyoni, lendi yotsala utachotsa zokonzera, alonda, inshuwalansi ndi misonkho ya khonsolo ndi K90 miliyoni pachaka. Ndiye kuti ikubereka 9 peresenti, imene timaitcha cap rate. Tsono mu 2024 policy rate, chiwongola dzanja chimene Reserve Bank imakhazikitsa, inafika pa 26 peresenti, ndipo ngongole za kubanki zimayendera pamenepo. Ukakongola pa 26 kuti ugule chinthu chobereka 9, ngongoleyo ikudya iweyo, sikukuthandiza ayi. Komanso wa penshoni akufunsa kuti bwanji ndisangokongoza boma ndalama zangazi n'kumalandira chiwongola dzanja chokwera ndili phee? Yankho limene timapereka n'lakuti nyumba imakwera mtengo limodzi ndi kukwera kwa zinthu pamene ndalama ya pepala ikusungunuka, koma yankho limeneli limagwira ntchito pokhapokha ngati unagula pamtengo wabwino, unamanga mu nthawi yake, matenanti akulipiradi ndipo akuvomera kuti lendi izikwera chaka ndi chaka.

Ndiye pali kwacha. Ndinangolowa kumene ntchito pamene inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Nyumba yathu yongoyerekeza ija ya K1 biliyoni, dzulo lake inali madola pafupifupi 847,000, mawa lake 588,000, njerwa zomwezo, matenanti omwewo. Kwa LP amene anabweretsa madola limenelo ndi bala lalikulu. Kwa amene akumanga, zitsulo, magalasi, matailosi, mawaya, zambiri zimachokera kunja, kontilakita amabwera mawa lake ndi mitengo yatsopano. Sabata imeneyo tinakhala mu ofesi kugwetsa ndi kumanganso ma model onse, ziwerengero zathu zolosera mmene nyumba iliyonse idzabwezere ndalama. Ndipo funso limene limatisowetsa tulo kuposa onse ndi la potulukira, zaka zikakwana udzagulitsa kwa yani? Ogula nyumba ya mabiliyoni m'dziko muno ungawawerenge ndi zala, ndipo onse amadziwana.

Mu 2024 nyanja inabwera. Mvula ya zaka zotsatizana, kuphatikizapo ya namondwe Freddy mu Marichi 2023, inaikweza mpaka maloji ndi nyumba zambiri za m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota zinalowa madzi. Anthu ankakangana za Kamuzu Barrage ku Liwonde, ena akuti atsegule madzi apite, ena akuti mukatsegula mumiza a kumunsi kwa Shire, ndipo a National Water Resources Authority anakumbutsa anthu za mzere wa mamita 477 umene pansi pake sipayenera kumangidwa. Ndinapita kwathu nthawi imeneyo ndipo ndinakwera minibasi kukaona puloti ija. Munthu wina anali ataigula n'kumangapo tinyumba tokongola ta alendo, ndipo ndinapeza madzi ali m'mawindo, mafunde akumenya khoma la bala, mipando ya pulasitiki itaunjikidwa pamtunda. Sindinasangalale ngakhale pang'ono. Msuweni wanga ankagwira ntchito yochapa pamenepo ndipo inathera pomwepo, komanso kuseri kwake nyumba za zidina za anthu a m'mudzi zinali zitagwa, anthu amene sanalembepo model iliyonse. Agogo aja sindinawapeze, anandiuza kuti anasamukira kumtunda kwa mwana wawo. Madzi anali atatsala pang'ono kufika pa mlambe.

Pali chinthu chimene chimandivuta mu ntchitoyi ndipo ndichinene. Gombe la kwathu likutsekedwa ndi mipanda. Mwana wobadwira ku Makawa ayende mtunda wautali kuti apeze polowera kunyanja, amayi asowe pochapira, asodzi asowe pokocheza, chifukwa choti wina wa ku Lilongwe amabwera wikendi imodzi pa miyezi itatu. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anatsegula njira yoti mabanja azilembetsa malo awo a makolo, ndipo ndimalimbikitsa abale anga kuti azitsatira zimenezi, koma lamulo palokha silisiya kanjira ka kudoko, amasiya ndi munthu amene wakhala pa tebulo pamene pulani ikujambulidwa. Pa ma komiti athu ndikaona pulani ya kunyanja ndimafunsa kuti anthu azidzera pati, ndipo ndinaphunzira kuliika funsoli m'chilankhulo chimene mabwana amamva, kuti loji yodana ndi mudzi imalipira alonda ambiri, milandu yambiri, ndipo wogula wanzeru adzaithawa. Nthawi zina ndimapambana, nthawi zina ayi, ndipo ndikalephera ndimabwerera kunyumba mtima uli wolemera.

Kwa mng'ono wa mnzanga wa ma invoice uja ndinamuuza kuti mapepala ndi ofunika, asanamizidwe, ayambe mayeso a akaunti a ICAM kapena ACCA ngakhale pepala limodzi limodzi, ndipo amene akadali pasukulu aganizire za maphunziro a malo ndi nyumba ku MUBAS kapena ku Mzuni. Ambiri amene ndimagwira nawo anadzera ku ma audit firm, ku dipatimenti ya ngongole kubanki, kapena kowerengera mitengo ya nyumba, ndipo njira zimenezo ndi zowongoka kuposa yanga. Ndinamuuzanso kuti asayembekezere ndalama za m'mafilimu, 20 peresenti ija imapita kwa akuluakulu ndipo imabwera patatha zaka zambiri ngati yabwera n'komwe, analyst amadya salale basi. Mwayi nawonso ulipo, madala akanakhala kuti miyendo inali bwino tsiku lija bwenzi atapita okha. Koma mayi uja atanena kuti nditumize kope, kope linalipo, la zaka zinayi.

Sabata yatha mnyamata uja wanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Wagula kope, walemba makasitomala a kampani yawo aliyense tsamba lake, ndipo wazunguliza ndi bolopeni yofiira dzina limodzi, akuti "achimwene, awa miyezi 9 yonse amalipira pa 12 osati pa 30, koma Epulo ndi Meyi analipira msanga, n'chifukwa chiyani?" Ndamuuza kuti mawa akapita kukasiya invoice asangoisiya pa kauntala, akhale pansi awafunse amagulitsa chiyani ndipo amawagula ndi ndani.